Wodwala akangobwerezabwereza kachitidwe kamodzi: ndi matenda akukula kapena ndi mankhwala?

Nangondo: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe alangizi a zaumoyo m'midzi amafunsa kawirikawiri. Achibale amabwera kudzanena kuti wodwala wawo wayamba kugwedeza mutu mosalekeza, wina akungotafuna koma mkamwa mulibe kanthu, wina akungopondaponda pamalo amodzi, wina akusamba m'manja mpaka khungu kusweka. M'kabuku ka kuchipatala mumangolembedwa kuti matenda akula, kenako mlingo wa chlorpromazine, mankhwala a misala, ukwera. Kodi zonsezi ndi chinthu chimodzi? Nanga tingazisiyanitse bwanji kuchipatala chaching'ono komwe kulibe makina?

aChisale: Si chinthu chimodzi mayi. Zinayi mwatchulazo zikhoza kukhala matenda anayi osiyana, ndipo awiri mwa iwo amayambitsidwa ndi mankhwala omwe akukwezedwawo. Maso okha sangakuuzeni, chifukwa dzanja logwedezeka limaoneka chimodzimodzi m'matenda ambiri. Chomwe chimasiyanitsa ndi mafunso. Zinayamba liti poyerekeza ndi tsiku lomwe anayamba mapiritsi kapena kubayidwa jakisoni? Mwiniwake akudziwa kuti akuchita zimenezi? Asanachite amamva chiyani m'thupi kapena mumtima? Mukamutchula dzina amasiya? Ndipo musanafunse zonsezi, muyezeni kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima ndi shuga. Wodwala wotentha thupi si wa mafunso ambiri, ndi wothamanga naye.

Sisita NaBanda: Ndiyambe ndi wopondaponda uja, chifukwa ndi amene amalakwiridwa kwambiri. Zimenezo nthawi zambiri ndi akathisia. Imabwera patangopita masiku kapena masabata ochepa munthu atayamba mankhwala a misala monga haloperidol, chlorpromazine kapena jakisoni wa fluphenazine uja ambiri amangoti Modecate, kapenanso mlingo utangokwezedwa. Akakhala pampando miyendo imapingasa ndi kupingasula, akaima amasinthanitsa mapazi, amatuluka panja ndi kulowanso. Mukamufunsa bwino amanena yekha kuti m'miyendo mulibe mtendere, akangokhala phee amamva ngati aphulika. Funso ndi limeneli: "Kodi mukukanika kukhala pansi chifukwa cha maganizo, kapena ndi miyendo yomwe ikukukakamizani?" Ambiri amayankha mosazengereza.

Cholakwika chimachitika apa. Woona wodwala amaganiza kuti misala yachuluka, nkuwonjezera haloperidol. Akathisia ikula, wodwala avuta kwambiri, mlingo ukweranso. Mapeto ake ena amathawa kuchipatala, ena amasiyiratu mankhwala, ndipo ena amafika poganiza zodzipha chifukwa kusautsa kwake ndi kosapiririka. Aliyense amene mwamupeza ndi akathisia mumufunse za maganizo odzipha, osachita manyazi.

Nangondo: Ndiye mukapeza kuti ndi imeneyo mumatani?

aChisale: Choyamba tsitsani mlingo wa mankhwala oyambitsawo ngati matenda ake akulola. Chachiwiri propranolol, mankhwala aja a BP ndi mtima, kuyamba ndi 10 mg kawiri kapena katatu patsiku, nkumakweza pang'onopang'ono, nthawi zambiri pakati pa 30 ndi 80 mg patsiku zimakwana. Musanapereke yezani BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo funsani za mphumu, chifukwa kwa wamphumu propranolol amatseka chifuwa. Ngati sizingatheke, diazepam wochepa kwa masiku owerengeka amathandiza. Benzhexol, yemwenso amatchedwa Artane, ndi mankhwala ochepetsa kuuma thupi kobwera ndi mankhwala a misala, koma pa akathisia sathandiza kwenikweni pokhapokha ngati wodwalayo alinso ndi kuuma thupi ndi kunjenjemera.

aGondwe: Pa nkhani ya benzhexol ndiyankhulepo ngati wa kufamase. Chizolowezi cholemba Artane kwa aliyense amene walandira Modecate ndi chofala, koma malangizo a mhGAP, omwe bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pa matenda a maganizo, salola kupereka mankhwala amenewa mwachizolowezi pofuna kupewa zovuta zomwe sizinaoneke. Zifukwa zake zilipo. Amaumitsa kukamwa, amatseka mimba, amavutitsa pokodza makamaka azibambo achikulire, amasokoneza kukumbukira, ndipo ena amayamba kuwakonda chifukwa amawapatsa kachisangalalo kena, mpaka kumanamizira kuuma khosi kuti alembedwe ena. Koma choopsa kwambiri ndi chomwe amachita kwa wotafuna uja.

Sisita NaBanda: Eya, tifike kwa wotafunayo. Munthu amene wakhala pa mankhwala a misala kwa miyezi yambiri kapena zaka, nkuyamba kutafuna pachabe, kunyambita milomo, kutulutsa lilime mwadzidzidzi, lilime kumatukula tsaya mkati, zala kumangoyenda zokha, ameneyo muganizire tardive dyskinesia. Mabuku amafuna kuti akhale atamwa mankhwalawo miyezi yosachepera 3, kapena mwezi umodzi ngati ali ndi zaka 60 kupita m'tsogolo. Pa mankhwala akale monga haloperidol ndi chlorpromazine, pafupifupi anthu 5 pa 100 alionse achinyamata amayamba vutoli chaka chilichonse chomwe akumwa, ndipo mwa okalamba chiwerengerocho chimakwera kangapo. Amayi achikulire, a shuga, ndi amene anaonetsa kuuma thupi atangoyamba mankhwala ali pachiopsezo chachikulu.

Chodabwitsa chake, mwiniwake nthawi zambiri sadziwa. Amene amadandaula ndi mkazi wake kapena ana, poti anthu kutchalitchi akumuyang'ana. Akagona tulo zimatha. Akatanganidwa ndi china zimachuluka, ndipo ndi pamenepa pomwe timazigwira.

aChisale: Kuyeza kwake sikufuna chida chilichonse kupatula mpando wolimba wopanda potsamira mikono. Pali ndondomeko yotchedwa AIMS, ya mfundo 12, yomwe inakonzedwa ku America m'zaka za m'ma 1970. Mwachidule zimayenda chonchi. Mufunseni ngati ali ndi kanthu mkamwa, alavule. Funsani za mano oikirira kapena dzino lopweteka, chifukwa zimenezi zimachititsanso munthu kuseweretsa lilime. Akhale pansi, manja pa mawondo, mapazi pansi, mumuyang'ane thupi lonse. Kenako manja alendewere pakati pa miyendo. Atsegule pakamwa lilime lili mkati, muone ngati likupindikapindika, kawiri. Atulutse lilime, kawirinso. Tsopano agunditse chala chachikulu ndi zala zinazo mofulumira kwa masekondi 10 mpaka 15, dzanja limodzi kenako linalo, koma inu maso anu asakhale pa dzanjalo, akhale pankhope ndi kumapazi. Apa ndi pomwe milomo ndi lilime zimadziulula. Pindani ndi kuwongola mikono yake kuti mumve kuuma. Aime, atambasule manja kutsogolo, ayende, atembenuke. Mphindi 10 zakwana. Kwa wa mankhwala akale muzichita miyezi 6 iliyonse ndi kulemba m'kabuku, kuti wodzamuona chaka chamawa adziwe pomwe zinayambira.

aGondwe: Ndiye apa ndi pomwe benzhexol amaonongera. Pa tardive dyskinesia iye amakulitsa kutafunako. Munthu akabwera akutafuna, nkupatsidwa Artane poganiza kuti ndi mankhwala a zovuta zonse za Modecate, amabwerera atafika poipa.

aMvula: Ndiwonjezere msampha wina. Mukakweza haloperidol, kutafunako kumachepa kwa masabata angapo, ndipo aliyense amasangalala kuti mankhwala agwira. Sanachize, angophimba, ndipo pansi pake vuto likukula. Mbali inayo, mukasiyitsa mankhwala mwadzidzidzi kutafuna kumachuluka kaye, achibale nkuganiza kuti kusiya ndi kumene kwabweretsa vuto. Njira yake ndi kutsitsa pang'onopang'ono kwa miyezi, kuchotsa benzhexol pang'onopang'ononso, ndi kufunsa funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri: kodi munthuyu akufunikiradi mankhwala a misala? Alipo ambiri amene anayambitsidwa chlorpromazine chifukwa chosowa tulo basi, zaka nkumapita. Amene akufunikiradi, kusintha kupita ku mankhwala atsopano monga olanzapine kapena quetiapine kumachepetsa chiopsezo, ndipo clozapine ndiye wabwino koposa, kungoti amafuna kuyeza magazi sabata iliyonse kwa masabata 18 oyambirira, zomwe si chipatala chilichonse chingakwanitse. Risperidone musamuyese wosalakwa, pa mlingo waukulu amachitanso zomwezo. Valbenazine ndi deutetrabenazine anavomerezedwa ku America mu 2017 pa vuto lomweli, koma mtengo wake si wa kuno.

Sisita NaBanda: Pali kamtundu kena kofanana nako komwe benzhexol amathandiza, kuti tisamutaye kotheratu a Gondwe. Milomo imanjenjemera mofulumira m'mwamba ndi pansi, mwa kayendedwe kamodzimodzi, koma lilime lili phee. Zimenezo zili m'gulu la kunjenjemera kobwera ndi mankhwala, ndipo benzhexol 2 mg kawiri patsiku amazithetsa. Choncho yang'anani lilime. Lilime likayenda, Artane ayi.

aGondwe: Pamenepo sinditsutsa sisita. Komanso khosi likapindika mwadzidzidzi, maso kutembenukira m'mwamba, nsagwada kulimba, mwa mnyamata amene wangoyamba haloperidol masiku 5 apitawa, imeneyo ndi dystonia ndipo benzhexol ndi mwini wake. Ngati sangameze, promethazine 25 mpaka 50 mg wobaya m'mnofu kapena diazepam 5 mpaka 10 mg mumtsempha pang'onopang'ono. Musaiwale kufunsa za metoclopramide, mankhwala oletsa kusanza aja. Mtsikana amene sanamwepo mankhwala a misala akhoza kubwera khosi litapindika chifukwa cha iwo, anthu nkumati kafumbata kapena ziwanda.

aChisale: Tsopano tikambe chomwe chimapha. Pali wodwala amene amabwerezabwereza kachitidwe kopanda cholinga, mwina kugunda pachifuwa, kugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo, kupereka sawatcha kwa aliyense wodutsa, kukwinya nkhope, kubwereza mawu omwe mwangomufunsa m'malo moyankha, kapena kutsanzira mmene inu mwakwezera dzanja. Nthawi zina amangoti duu, osalankhula, osadya, atakhala mmene munamusiyira m'mawa. Imeneyi ndi catatonia. Karl Kahlbaum anaifotokoza ku Germany mu 1874, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankaiona ngati mtundu chabe wa schizophrenia, misala ija yomwe munthu amamva mawu omwe palibe. Lero tikudziwa kuti imabwera kwambiri ndi matenda okhumudwa aakulu ndi bipolar, matenda osinthasintha pakati pa kukhumudwa ndi kusangalala kopitirira muyezo, komanso ndi matenda a m'thupi. Buku la madokotala a maganizo la DSM-5 la 2013 lili ndi zizindikiro 12 ndipo zikapezeka 3 zakwana. Mwa odwala ogonekedwa mwadzidzidzi m'mawodi a matenda a maganizo, pafupifupi mmodzi mwa 10 amakhala nayo, koma ambiri sazindikirika chifukwa wodwala wachete savutitsa aliyense.

Poyeza, kwezani dzanja lake m'mwamba nkulisiya. Akalisunga pomwepo kwa mphindi kapena kuposa popanda kumuuza, chizindikiro chimenecho. Pindani chigongono chake, mumva kukana pang'ono koyamba kenako kulola, nkukhala pomwe mwasiya. Dzikandeni kumutu mokokomeza muone ngati atsanzira. Muuzeni kuti asakupatseni dzanja kenako mutambasule lanu. Ena amalipereka basi, ena dzanja limapita nkubwerera, kupita nkubwerera, osafika. Chotsani pilo muone ngati mutu ukhala m'malere. Ndondomeko yoyezera catatonia ya Bush-Francis ya 1996 ili ndi mfundo 23, koma 14 zoyambirira ndi zofufuzira, ndipo 2 zikapezeka muyambe kuganizira catatonia.

Nangondo: Ameneyu ndiye amene kumudzi amati walodzedwa kapena agwidwa ndi mizimu, ndipo amayamba apita kwa asing'anga kapena kumapemphero sabata yathunthu.

aChisale: Ndi yemweyo, ndipo sabata imeneyo amakhala asakumwa madzi. Kulimbana ndi chikhulupiriro cha banja pakhomo la chipatala sikupindula kanthu. Auzeni kuti mapemphero apitirire ali pabedi, koma dripi ilowe lero.

Chithandizo chake ndi chosiyana ndi chomwe dzanja limathamangira. Haloperidol ndi chlorpromazine kwa munthu wa catatonia akhoza kumukankhira ku neuroleptic malignant syndrome, vuto loopsa la kutentha ndi kuuma thupi lobwera ndi mankhwala a misala. Mankhwala oyenera ndi lorazepam, 1 mpaka 2 mg. Mumtsempha mumaona kusintha pa mphindi 5 mpaka 10, m'mnofu pafupifupi 15, wakumwa pafupifupi 30. Muyezeni musanapereke ndi pambuyo pake. Zizindikiro zikatsika ndi theka, mwatsimikiza. Zimadabwitsa magadiyani, chifukwa amayembekezera kuti mankhwala ogonetsa amugoneka, koma munthu amene wakhala chete masiku ambiri amadzuka nkupempha phala.

aGondwe: Lorazepam wobaya ndi wosowa m'zipatala zambiri za m'maboma, ndipo amafuna furiji. Chomwe chimapezeka ndi diazepam.

aChisale: Diazepam amagwira. 5 mpaka 10 mg mumtsempha, osapitirira 5 mg pa mphindi, mukuyang'ana kapumidwe, chikwama chopumitsira chili pafupi. M'mnofu musabaye, salowa bwino m'magazi. Madokotala a ku Taiwan anafalitsa njira yoika diazepam 10 mg mu dripi ya 500 ml ya normal saline nkumadontha kwa maola 8 kwa amene lorazepam sanawathandize msanga, ndipo ndi njira yotheka kuno. Akayamba kumeza mupitirize ndi mapiritsi katatu patsiku. Cholakwika chachikulu ndi kusiya tsiku lachiwiri poona kuti wadzuka. Amabwereranso mwakale. Pitirizani mpaka matenda oyambitsawo athandizidwe, kenako muzitsitsa pang'onopang'ono. Akakanika pa masiku angapo, kapena thupi likatentha, chithandizo chotsatira ndi ECT, chithandizo cha magetsi kumutu, kumene ilipo, ndipo kutumiza ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God kukambidwe msanga, osadikira kuti afooke.

Sisita NaBanda: Mbali ya unamwino ndi yomwe imapulumutsa moyo pamene mankhwala akugwira ntchito. Odwalawa samwalira ndi kusalankhula. Amamwalira ndi kutha madzi m'thupi, chibayo chobwera chifukwa chakudya chalowa m'mapapo, magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndi zilonda za pogona. Muzimutembenuza maola 2 alionse. Pindani ndi kuwongola miyendo ndi mikono kangapo patsiku, ndipo muwaphunzitse magadiyani kuchita zimenezi. Papasani pamimba pansi pa mchombo, chikhodzodzo chimadzaza iye osanena, muike katheta ngati pakufunika. Lembani madzi olowa ndi otuluka. Gadiyani asamuthire phala mkamwa atagona chagada, chonde. Ngati sakumeza, chubu cha m'mphuno. Amene wakhala masiku opitirira 5 osadya muyambe ndi chakudya chochepa nkumawonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo mumupatse thiamine, vitamini B1, musanamuike dripi ya shuga, makamaka ngati ndi womwa mowa. Chinanso, amamva zonse. Ambiri akachira amafotokoza mawu onse omwe ananenedwa pambali pa bedi lawo.

aMvula: Ndipo catatonia isatitseke maso pa matenda a m'thupi. Kuno aliyense wotere ayezedwe malungo, shuga ndi HIV. Kwa amene ali ndi kachilombo ndipo chitetezo chatsika, ganizirani matenda a muubongo monga cryptococcal meningitis, TB ya muubongo ndi toxoplasmosis, ndipo madzi a pamsana atengedwe ngati palibe choletsa. Palinso matenda otupitsa ubongo omwe Josep Dalmau ndi anzake anawafotokoza mu 2007, anti-NMDA receptor encephalitis. Amakonda atsikana ndi amayi achichepere. Amayamba ngati misala, kenako kukomoka, kusalankhula, ndi kutafuna ndi kuseweretsa lilime mwa munthu amene sanakhalitse pa mankhwala. Ena amakhala ndi chotupa cha m'thumba la mazira. Mtsikana amene wayamba misala mwadzidzidzi nkukomokanso, malo ake ndi wodi ya matenda a m'thupi ku chipatala chachikulu.

Nangondo: Neuroleptic malignant syndrome mwaitchula ija, mlangizi kapena namwino wa pa health centre angaizindikire bwanji?

aChisale: Munthu ali pa mankhwala a misala, thupi latentha kupitirira 38, lauma gwa moti chigongono chimakana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, thukuta kamukamu, mtima ukuthamanga, BP ikukwera ndi kutsika, mutu wasokonezeka. Mkodzo ukada ndiye kuti minofu ikusweka ndipo impso zili pangozi. Siyani mankhwala a misala onse nthawi yomweyo, metoclopramide ndi promethazine omwe, ikani dripi yothamanga, ziziritsani thupi, perekani diazepam, tumizani. Malungo ayezedwe, koma ngakhale atapezeka, kuuma kotereku malungo sakufotokoza.

NaMwale: Mwakamba za akuluakulu, ine ndibweretse ana, poti m'kalasi za ana a zosowa zapadera izi ndi za tsiku ndi tsiku. Mwana amene amakupiza manja akasangalala, kuzungulira, kugwedeza thupi, kapena kuseweretsa zala pamaso pake, nthawi zambiri anayamba asanakwanitse zaka 3. Kachitidwe kake sikasintha chaka ndi chaka, mukamuitana amasiya, ndipo iye sizimusautsa. Zimapezeka kwambiri mwa ana a autism, vuto lovutitsa mwana kulankhula ndi kucheza ndi anzake, mwa ochedwa kukula nzeru ndi osaona, komanso mwa ana ena opanda vuto lililonse. Si misala, ndipo chlorpromazine alibe malo pamenepa. Kwa mwana wa autism kugwedezako kumamuthandiza kupirira phokoso ndi chisokonezo. Kumumenya kapena kumumanga manja kumangoonjezera mantha.

aJere: Koma mayi, pali ena amene amamenyetsa mutu kukhoma ndi kudziluma. Amenewo sitingangowasiya.

NaMwale: Zoona achimwene, amenewo ndi nkhani ina. Koma poyambira si mankhwala ogonetsa. Mwana wosalankhula akayamba kumenyetsa mutu mwadzidzidzi, yang'anani m'makutu, mano, ndi ngati akuchita chimbudzi. Ululu ndi umene umayambitsa kawirikawiri. Zimenezi zikapanda kupezeka, makolo alembe kwa sabata imodzi kapena ziwiri: chinachitika nchiyani asanayambe, ndipo atayamba analandira chiyani. Mupeza kuti mwina amachita akauzidwa ntchito yomwe sakuifuna ndipo akamenyetsa mutu amasiyidwa, kapena ndi njira yokhayo yopezera chidwi cha amayi ake. Mukadziwa, mumuphunzitse njira ina yopemphera chomwecho, chizindikiro cha dzanja kapena chithunzi. Pakali pano ikani matiresi pamalo pomwe amamenyetsapo. Mwana wamkazi amene ankakula bwino nkuyamba kubwerera m'mbuyo pakati pa miyezi 6 ndi 18, kusiya kugwira zinthu nkumangopotokola manja pachifuwa, ameneyo aonedwe ndi dokotala wa ana chifukwa akhoza kukhala ndi Rett syndrome.

aMvula: Tics ndi zosiyana ndi zimenezi. Zimayamba mochedwerapo, zaka 4 mpaka 6, nkufika pachimake zaka 10 mpaka 12. Kuphethira mwamphamvu, kukweza mapewa, kugwedeza mutu kamodzi, kukoka mamina, kukonza kukhosi. Zimasinthasintha, mwezi uno maso, mwezi wamawa mapewa. Mwana wamkuluko amafotokoza kuti amamva kanthu kakumukakamiza pamalopo, akachita amapepukidwa. Amatha kudzigwira m'kalasi, akafika kunyumba zonse zimatuluka, makolo nkumati amachitira dala. Zikakhala za thupi zingapo ndi ya mawu imodzi kwa nthawi yoposa chaka, zitayamba asanafike zaka 18, ndi Tourette syndrome. Kutukwana komwe anthu amakudziwa kumapezeka mwa ochepa chabe, pafupifupi mmodzi mwa 10. Ambiri zimachepa akamakula, ndipo chithandizo chachikulu ndi kufotokozera aphunzitsi kuti asamulange.

Koma chomwe sindifuna kuti chiphonyedwe kuno ndi Sydenham chorea. Mwana wa zaka 5 mpaka 15, kawirikawiri mtsikana, wayamba kugwetsa makapu, zolemba zaipa, nkhope ikukwinyika, sachedwa kulira. Kayendedwe kake sikabwereza malo amodzi, kamayenda kuchoka ku dzanja kupita kuphewa kupita kunkhope. Mupatseni zala zanu afinye, mumva akufinya ndi kumasula ngati akukama ng'ombe. Lilime sangalisunge panja. Zimenezi zimabwera miyezi ingapo pambuyo pa zilonda zapakhosi, ndipo ndi rheumatic fever, matenda omwe amaononga mtima. Mverani mtima. Mwana ameneyu akufunika jakisoni wa benzathine penicillin masabata 3 kapena 4 alionse kwa zaka zambiri, mayunitsi 1.2 miliyoni kwa wamkulu ndi theka lake kwa wamng'ono wosafika makilogalamu 30. Akapita ku kiliniki ya amisala nkubwerera ndi mapiritsi ogonetsa okha, mtima umaonongeka mwakachetechete.

aChisale: Khunyu nalonso. Si lonse logwetsa. Munthu amaima, maso gwa, kunyambita milomo, kumeza, kufufuza malaya kapena kutolatola pansi, masekondi 30 mpaka mphindi 2, mukamuitana sayankha, kenako amasokonezeka pang'ono ndipo sakumbukira. Nthawi iliyonse zimachitika mofanana. Kuno zoyambitsa zodziwika ndi malungo a muubongo a paubwana, kuvulala mutu, ndi mphutsi za njoka za m'mimba za nkhumba zikafika muubongo. Mankhwala ake ndi carbamazepine, kapena ena a khunyu, ndipo chlorpromazine amapangitsa kukomoka kukhala kosavuta. Kwa amene ali pa ma ARV funsani kaye, carbamazepine amatsitsa dolutegravir, amodzi mwa ma ARV, m'magazi.

aJere: Watsala wosamba m'manja uja. Ameneyo mufunseni chifukwa chake, adzakuuzani. Pali ganizo lomwe limamubwerera iye asakulifuna, loti wadetsedwa, kapena chitseko sichinatsekedwe, kapena wanyoza Mulungu mumtima ndipo ayenera kubwereza pemphero mpaka limveke bwino. Amadziwa kuti ganizolo ndi lake ndipo ndi lopitirira muyezo, koma akapanda kusamba mantha amamukwera. Imeneyi ndi OCD, matenda a maganizo okakamiza kubwereza zinthu, ikamadya nthawi yoposa ola patsiku kapena kusokoneza ntchito. Wa schizophrenia yankho lake ndi lina, amati mawu andiuza, kapena sapereka chifukwa nkomwe.

Chithandizo chogwira ndi kumuzoloweza chomwe amaopa osachita mwambo wakewo. Lembani naye zinthu zomwe amaopa, chilichonse achipatse nambala kuyambira 0 mpaka 10. Yambani ndi cha 3 kapena 4, mwachitsanzo kugwira chogwirira chitseko. Agwire, asasambe, akhale nanu mpaka mantha atsike okha, ndipo abwereze tsiku lililonse kunyumba asanakwere pa chotsatira. Zimakanika pa zifukwa ziwiri. Kuyamba ndi cha 9, iye nkuthawa osabweranso. Kapena banja kupitiriza kumuthandiza mwambo, kumugulira sopo wambiri, kumuyankha kakhumi kuti chitseko chatsekedwa. Banja ligwirizane yankho limodzi lachifundo ndipo lisabwereze.

aGondwe: Pa mankhwala, fluoxetine, amene amaperekedwanso pa kukhumudwa, koma mlingo wa OCD ndi wokwera kuposa wa kukhumudwa. Kuyamba 20 mg, kufika 40 mpaka 60 mg, ndi kudikira masabata 8 mpaka 12 musananene kuti wakanika. Ambiri amasiyitsidwa pa sabata yachinayi ali pa 20 mg. Amitriptyline, ngakhale ndi amene amakhala pashelefu, pa OCD sagwira. Funsani kaye ngati munthuyo anakhalapo ndi nyengo yosagona, yolankhula kwambiri ndi kumwaza ndalama, chifukwa fluoxetine yekha akhoza kuidzutsa. Ndipo fluoxetine naye amatha kuyambitsa akathisia m'masabata oyamba.

Nangondo: Vuto lina ndi loti wodwala akafika pamaso pa dokotala zimene amachita kunyumba sizioneka.

Sisita NaBanda: Achibale ajambule kanema pafoni, mphindi imodzi kapena ziwiri, thupi lonse lioneke ndi nkhope yomwe, ndipo wina amutchule dzina ali mkati mojambula kuti tione ngati asiya kapena ayankha. Apemphe chilolezo kwa mwiniwake ngati angathe kupereka, ndipo kanemayo asatumizidwe m'magulu a WhatsApp, ngakhale lino. Abwerenso ndi mapaketi a mankhwala onse a m'nyumba, ogula pagolosale ndi a zitsamba omwe.

Nangondo: Nanga ngati mwazindikira kuti ndi akathisia kapena catatonia koma Modecate wabayidwa kale dzulo?

aChisale: Ameneyo simungamutulutse, akhala m'thupi masabata angapo, ndiye chithandizo cha zovuta zake chiyenera kutalika mofanana. Propranolol kapena diazepam wa masiku 3 sakwana. Lembani ndi zilembo zazikulu patsamba la jakisoni kuti wotsatira asabayidwe mpaka wodwala aonedwe, chifukwa tsiku la kiliniki pamzere wautali wobaya amangoyang'ana deti. Wodwalayo abwere sabata iliyonse kudzayezedwa kutentha ndi kuuma kwa thupi. Ndi chifukwa chake jakisoni woyamba amayenera kukhala woyesera, 12.5 mg, ndi theka lake kwa okalamba, osati 25 mg nthawi imodzi. Amene anadwalapo neuroleptic malignant syndrome asabayidwenso jakisoni wa pamwezi. Ngati mankhwala a misala akufunikabe, dikirani masabata osachepera 2 atachira, ndipo nthawi yotalikirapo ngati choyambitsa chinali jakisoni, kenako muyambe ndi mapiritsi a mtundu wina pa mlingo wotsikitsitsa.